Injini ya Malemu

M'tauni ya mgodi ija galimoto sankaizindikira ndi nambala, ankaizindikira ndi kulira kwake. Tauniyo inali kothera msewu, kumene phula limatopa n'kusiyira fumbi, ndipo munthu woganiza bwino akanagula lole kapena njinga. Koma anyamata amene ankaswera pansi pa nthaka akatuluka ankafuna chinthu chothamanga. Ndiye ankaitanitsa magalimoto afupiafupi a ku Japan, a mimba yokhula pansi, ofika atasenzedwa pa lole chifukwa msewuwo sakanautha okha. Loweruka ankawatsuka, Lamlungu n'kukawathamangitsa pa bwalo la ndege lakale limene ndege zinaliiwala. Ngakhale amayi a pamsika ankatha kunena osatukula mutu kuti, "Ameneyo ndi uje, wachedwanso kuntchito."

Kwawo kwa Chitsiriza kulira kumodzi kunali kutasowa. Mlongo wake, mnyamata amene anzake anamupatsa dzina loti Mphezi mpaka makolo n'kulizolowera, anagubuduzika ndi galimoto yake yofiira pokhota pa njira ya kumgodi chaka chathacho, ndipo sanadzukenso. Chichokereni kumanda, Chitsiriza ankadya, ankasamba, ankapita kusitolo ya mankhwala kumene ankagwira ntchito, moni ankayankha. Koma zonsezi ankazichita ngati akuchitira munthu wina amene wamusiyira ntchito. Chisoni sankachimva, chimwemwe sankachimva, ngakhale tiyi wotentha ankamuzindikira lilime litapsa kale.

Mwina mufunsa kuti munthu wotere chibwenzi anachiyamba bwanji. Sanachiyambe iye. Anachiyamba Kaphulusa, wamagetsi wa kumgodi, bwenzi la malemu la ponda apa nane mpondepo, amene dzinalo linachokera ku galimoto yake yotuwa. Ankafika pasitolopo nthawi yoweruka n'kumuperekeza wapansi. Bambo a Chitsiriza anali atalumbira kuti galimoto ya mtundu umenewo isadzaimenso pageti pawo, komanso ya Kaphulusayo inali itafa injini, ili gone kugalaja.

"Lamlungu ndikufuna ndibwere kwanu," anatero Kaphulusa tsiku lina akudutsa kuseri kwa malo omwetsera mafuta. "Ndikaonekere. Ndatopa kukusiya pa mtengo wa magetsi ngati wakuba."

"Chabwino."

"Chabwino basi?"

"Nanga ndivine?"

"Ungomwetulira chabe, ndione ngati mano akadalimo."

Chitsiriza anamwetulira monga ankachitira kwa ogula mankhwala a chifuwa. Kaphulusa anaona kuti n'kumwetulira kwa pakauntala, koma analandira zomwezo, pakuti wopempha salira zambiri. Chimene Chitsiriza ankadziwa n'chakuti akamayenda ndi mnyamatayu msewu unkafupika, ndipo m'tauni yonseyo ndi iye yekha amene sanamuuzepo kuti alimbe mtima. Ngati chimenechi ndi chikondi, ndiye kuti chinalipo, ndipo sankafuna chimuchoke.

*

Anawapeza bambo pabalaza akusoka lamba wa nsapato. Mayi anali pawindo, monga mwa masiku onse nthawi imeneyi, akunamizira kupukuta galasi loyerayera kale.

"Bambo, kuli munthu akufuna kudzakuonani Lamlungu."

"Ndani?"

"Kaphulusa."

Bambo anabaya chikopa ndi singano, n'kukoka ulusi mpaka unatha. "Wa gulu lija?"

"Inde, bambo."

"Anthu aja amati akaika mnzawo lero, mawa ali pa bwalo la ndege?" Sanakweze mawu. Bambowa anali oyendetsa chikepe chotsitsa anthu mumgodi, ntchito yosafuna munthu wopsa mtima msanga. "Ine ndakalambira pa chikepe. Ndatsitsa ana a eni ake m'dzenje, ndawatulutsa amoyo, palibe anatsala. Mwana wanga wafera pamtunda, dzuwa likuswa mtengo, chifukwa cha chidole. Ndiye lero chidolecho chikufuna mwana wachiwiri?"

"Si chidole chikubwera, bambo. Ndi munthu."

"Inu bambo a ana, muoneni kaye," anatero mayi osatembenuka. "Kumaliro ndi iye anatsala kuchotsa matenti anzake onse atapita."

"Chinthu chimodzi chokha anandimvera anyamata aja," anatero bambo. "Ndinawauza kuti galimoto ija akaiponye m'dzenje lakale lodzaza madzi, imire, ndisadzaionenso. Anachita. N'chifukwa chake sindikukana. Abwere. Koma abwere ndi miyendo imene anabadwa nayo."

Atapita bambo kukasamba, mayi anaika kansanza pansi n'kuyamba nkhani ya Mphezi imene Chitsiriza anali ataimva kambirimbiri.

"Nthawi ngati ino ndiye amakhala wafika. Aima pagetipo, osazimitsa, injini ingolira. Ine ndimuti, iwe, mafutawa amakupatsa ulele? Iye amvekere, dikirani mayi, tebo ya pa injiniyi izizire kaye, mukazimitsa yotentha imapsa. Tsiku lililonse zomwezo. Mpaka ndinazolowera kumupititsira tiyi pawindo la galimoto, ine n'kuima pompo, tizicheza. M'nyumba muno sankandiuza kanthu, koma pawindo paja ankandiuza zonse."

"Inde, mayi," anatero Chitsiriza, n'kupita kukayatsa mbaula.

*

Lachisanu masana foni inanjenjemera m'thumba. Anali Wamasipeya.

Wamasipeya anali mkazi yekhayo m'gulu lija. Ndi iye ankaitanitsira anyamata onse zitsulo kuchokera kutsidya kwa nyanja, ndipo galaja imene ankasonkhanako inali kuseri kwa sitolo yake. Chiwongolero ankachidziwa kuposa amuna ambiri. Mpando wakutsogolo wa galimoto ya Kaphulusa anautenga ngati wake kalekale, ngakhale mwini wake sanamulonjezepo kanthu, ndipo mkazi amene wadikira osalonjezedwa ndi amene amapweteka kwambiri.

"Asisi, ndamva Lamlungu kuli kuonekera. Mafuno abwino."

"Zikomo," analemba Chitsiriza.

"Munthu wabwinotu ameneyu. Koma munayamba mwamutsegulitsa boneti?"

"Sindikumva zimene mukunena."

"Chikomekome cha mkuyu, asisi. Kwinako mukudziwa. Mudzabwere mawa mudzadzionere nokha, galaja sitsekera munthu."

Mkazi wina akanaimba foni pompo n'kutukwana, kapena kukalirira kuseri kwa mashelefu. Chitsiriza anawerenga kawiri, n'kubwezera foni m'thumba. Kenako anafunsa bambo amene anali pamzere ngati mankhwalawo anali a mwana kapena a wamkulu.

*

Anafika kugalaja Loweruka dzuwa litapendeka. Munali fungo la oyilo ndi sopo, wailesi ikulira pa shelefu, anyamata akupukuta magalimoto amene fumbi linali kudikira panja. Atangomuona, macheza anaduka. Wina anachepetsa wailesi.

Chitsiriza anali asanapondeko chimwalirireni mlongo wake, ndiye anayenda pang'onopang'ono. Pa galimoto yoyera panali galasi lam'mbali lofiira. Mu galimoto yakuda munali chiwongolero chokulungidwa ndi chikopa chimene iye mwini anathandiza kusoka. Anadutsa osaima.

Kaphulusa anatuluka kunsi kwa galimoto yake, sipanala ili m'manja. Wamasipeya anali atatsamira chitseko, akuponya m'mwamba ndi kuwakha kanthu kobulungira, mutu wa giya, nawonso wodziwika.

"Chitsiriza! Bwanji osandiimbira?"

"Tsegula boneti."

Kaphulusa anayang'ana Wamasipeya. Wamasipeya anayang'ana kudenga. Mnyamatayo anapukuta manja pa ovolosi nthawi yaitali kuposa imene manja amafuna, kenako anatsegula.

M'galimoto yotuwamo munali injini yofiira pamwamba. Pakona pa chivundikiro chake panali kanyenyezi kokhotakhota, kojambulidwa ndi utoto wopaka m'zikhadabo. Anakajambula ndi Chitsiriza tsiku limene galimoto ya Mphezi inatsika pa lole, mlongo wakeyo akumuseka kuti nyenyezi yake ikuoneka ngati kangaude.

"Bambo anati mukaiponye," anatero Chitsiriza.

"Tinaponya. Chigoba chonse tinaponya."

"Nanga izi?"

"Ndi mmene timachitira ife." Kaphulusa ankayankhula motsitsa. "Kuno chitsulo chimodzi umachidikira mpaka kuiwala, ndiye chinthu chamoyo sititaya. Komanso mnzathu akatisiya, aliyense amatengapo kanthu, kuti aziyenda naye. Wina galasi, wina chiwongolero, wina mateyala. Sitigulitsana. Umangotenga n'kumanga pa yako."

"Iwe n'kutenga mtima."

"Anzanga ndi amene anati ukuyenera ine. Injiniyi tinaimanga awiri, iye ndi ine, pa benchi iyo. Sinalakwe kanthu, Chitsiriza. Linaphulika ndi tayala. Yanga itafa ndinakhala nthawi yaitali ndikungoiyang'ana ili pakona, itafundidwa lona. Ndinalephera kuisiya ichite dzimbiri."

"Bwanji sunandiuze?"

"Ndimadikira tsiku loti useke kaye. Silimabwera."

Chitsiriza anaika chala pa kanyenyeziko. Chitsulocho chinali chozizira. Anadikira kuti mwina misozi ibwera, kapena mkwiyo, chilichonse, pakuti galaja yonse inali kudikira zomwezo. Sipanabwere kanthu. Anangoona kuti utoto uja unali wabwino ndithu, sunasuwe.

"Imalira?"

"Ayi. Kwatsala kachipangizo kamodzi. Wamasipeya akuti kachedwa m'njira."

"Za kutali sizinena tsiku," anatero Wamasipeya.

"Isalire," anatero Chitsiriza. "Mpaka bambo atakulola, isalire. Ine sindinabwere kuno, ndipo sindinaone kanthu. Mawa ufike wapansi, uvale shati ya kolala."

Kaphulusa anapuma ngati munthu amene watula thumba la simenti. Wamasipeya analeka kuponya kanthu kake kaja. Anali ataitana anthu kudzaonerera moto, ndiye nkhuni zinakana kuyaka pamaso pa gulu lonse.

"Mtima wabwino bwanji, asisi," anatero Wamasipeya pamene Chitsiriza ankatuluka. "Ena tikanakhala ndi wotero."

*

Lamlungu Kaphulusa anafika wapansi, nsapato zitayera fumbi, jekete ili pamkono. Anakhala kunsonga kwa mpando, manja pamaondo. Bambo anamusiya atuluke thukuta kaye asanamufunse kanthu.

"Makolo ali kuti?"

"Mayi alipo, bambo, ali kumudzi. Bambo anatisiya ndili wamng'ono."

"Umamwa?"

"Ndinkamwa. Ndinasiya chaka chatha."

Bambo sanafunse chifukwa. Anamuyang'ana nthawi yaitali. "Ndiwe unakonza belu la chikepe, lija linkalira lokha?"

"Ndine, bambo. Munalowa chinyezi."

"Akuluakulu ako anabwera atatu, n'kumati mwina ndi ine ndikulota. Ine kulota ndili pantchito!" Bambo anatulutsa kamphepo m'mphuno, kumene kwa iwo kunali kuseka. Chitsiriza, amene anakhala pampando wa pafupi ndi khomo, anaona mapewa a Kaphulusa akutsika. Anaganiza kuti zikuyenda, ndipo kwinakwake mkati mwake kanthu kanagwedezeka pang'ono ngati kakufuna kukondwa.

Mayi analowa ndi thileyi ya makapu. Anali pakati pa balaza pamene kulirako kunayamba.

Akuluakulu amati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chinaimba kuyambira kumunsi kwa msewu. Kunayamba ngati kubuula, n'kukwera, kenako posintha giya kunamveka kakutsokomola kaja, kamodzi, kotsatana ndi kamluzu. M'tauni yonseyo munali injini imodzi yokha yotsokomola choncho. Agalu a m'makomo oyandikana anayamba kuuwa mokondwa.

Mayi sanagwetse thileyi. Anawerama n'kuiika pansi bwinobwino, pakati pa balaza, ngati kuti ndi pamene imakhala.

"Mphezi," anatero chapansipansi. Kenako anakuwa, "Mphezi!" n'kutuluka opanda nsapato.

Onse anawatsata. Pageti panaima galimoto yotuwa, ikunjenjemera pang'onopang'ono. Mayi anathamangira pawindo la woyendetsa, n'kupeza nkhope ya mkazi wovala magalasi akuda. Anasuzumira mpando winawo. Anasuzumira kumbuyo. Anazungulira galimoto yonse.

"Pepani ndasokoneza," anatero Wamasipeya akuvula magalasi. "Kaphulusa, kachipangizo kaja kafika ndi basi ya m'mawa. Ndamanga, yalira kamodzin'kamodzi. Ndaithamangitsa pa bwalo, ilibe vuto. Ndimati uimve woyamba ndiwe."

Anthu anali atayamba kutuluka m'nyumba zawo. Aliyense anali atamva, ndipo aliyense anali atadziwa.

"Zimitsani chinthucho," anatero bambo.

Wamasipeya anatambasula dzanja kuti apotoze kiyi.

"Ayi, dikira!" Mawuwo anatuluka m'kamwa mwa Kaphulusa iye asanawaganize. "Wangoithamangitsa kumene, tebo izizire ka..."

Anadziluma lilime, koma mawu akatuluka sabwerera. Pa tsiku lodzapempha mkazi, pamaso pa bambo amene anaika mwana m'manda, munthuyu anaikira kumbuyo chitsulo. Sanachite dala. Chizolowezi ndi chimene chinayankhula, ndipo aliyense wa gulu lija akanachita chimodzimodzi.

Bambo anapita kutsogolo kwa galimotoyo. "Tsegula."

Kaphulusa anatsegula. Bambo anayang'ana chivundikiro chofiiracho, chikugwedezeka, chamoyo. Nkhope yawo sinasinthe.

"Unandiyang'ana m'maso kumanda kuja, n'kunena kuti mwaponya."

"Bambo, ndikufuna ndifotokoze..."

"Usanditche bambo." Anatembenukira kwa mwana wawo. "Iwe unkadziwa?"

Chitsiriza akanatha kunama. Kaphulusa anali kumupukusira mutu kuti akane. Koma analibe mphamvu zopekera bodza.

"Inde, bambo. Dzulo."

"Dzulo. N'kugona m'nyumba mwanga, n'kudzuka, n'kundipatsa moni."

Mayi sankamva zonsezi. Anali atasanjika manja onse awiri pambali pa galimotoyo, maso atatseka, milomo ikuyenda. Chaka chonse Chitsiriza sanawaonepo nkhope yawo ili yosalala choncho.

"Mayi a ana, chokanipo apo."

"Imvani, bambo a ana. Tamvani. Ndi iye."

"Ndi chitsulo chimene chinamupha."

"Ndi mawu ake."

Bambo anatseka boneti mwamphamvu mpaka agalu anakhala chete. "Mnyamata iwe, ndimvere bwino, pakuti sindibwereza. Ukumufuna mwana wanga? Masula injiniyi, uikweze pa lole, ukaiponye m'dzenje muja ine ndikuona ndi maso angawa. Ukatero ubwere tidzakambirane. Ukapanda kutero, pageti pano usadzadutsenso, wapansi kapena wokwera."

Kaphulusa anayang'ana Chitsiriza, anayang'ana galimoto, n'kuyang'ananso Chitsiriza. "Ndikaponya," anatero ndi mawu osasa. "Mawa lomwe."

"Ukaponya, mwana wanga sumupeza."

Anali mayi. Sanakuwe, ndipo manja sanawachotse pa galimotopo.

"Ine ndamulola mnyamatayu. Ndamulola lero lino. Koma azibwera nayo tsiku lililonse nthawi yoweruka, aziima pompano, osazimitsa. Tiyi ndizimupatsira pawindo. Munandilanda thupi lake, munandilanda zovala zake n'kugawa, zithunzi munatsekera m'sutikesi. Mawu akewa simundilanda. Mukawamiza, ukwati umenewu mudzaupange ine nditafa."

M'banja limenelo mayi sanatsutsepo bambo pagulu chikwatiraneni. Bambo anawayang'ana ngati mlendo. Wamasipeya anatuluka m'galimoto mwakachetechete, n'kusiya chitseko chotsegula, n'kukaima pakati pa oonerera. Ntchito yake inali itatha, ndipo inali itapitirira pamene iye ankafuna.

"Chitsiriza," anatero Kaphulusa, "unene ndiwe. Chimene unganene ndichita."

Chitsiriza ankangofuna phokosolo lileke kaye kuti aganize. Anapita pachitseko chotsegulacho, n'kuwerama, n'kugwira kiyi. Kiyiyo anali wofunda, akunjenjemera m'zala, ndipo kunjenjemerako kunakwera ndi mkono mpaka pachifuwa. Pamenepo, pamaso pa msewu wonse, chisoni chimene chinakana kubwera kumanda chinamupeza. Chinamupweteka mpaka analephera kupuma.

"Zimitsa, mwana wanga," anatero bambo kumbuyo kwake.

Dzanja la mayi linamugwira pamkono, lolimba, lotentha ndi chitsulo.

"Mwana wanga," anatero mayi, "mlongo wako ndinamuika kamodzi. Usandiikitse kawiri."